Nyama yochokera m'khola la ng'ombe zamkaka: mafunso ndi mayankho

Anthu akamachuluka m'mizinda, ndalama n'kumapezekako m'thumba, nyama ya ng'ombe imayamba kusowa ndipo mtengo wake umakwera. Zikatero, maganizo a ambiri amathamangira ku njira ziwiri: kuwonjezera ng'ombe zanyama kapena kuitanitsa nyama kunja. Pali njira yachitatu imene ili kale m'manja mwa dziko lililonse limene lili ndi alimi a mkaka, ndipo mafunso ali m'munsimu akukhudza njira imeneyo.

Kodi ng'ombe yamkaka ikulowa bwanji pa nkhani ya nyama?

Ng'ombe situlutsa mkaka isanabereke. Imakhala ndi bere masiku pafupifupi 280, ikabereka imakamidwa miyezi khumi kapena kuposerapo pang'ono, kenako imapumitsidwa miyezi iwiri kuti ikonzekere kuberekanso. Mlimi wofuna mkaka chaka ndi chaka amalandiranso mwana wa ng'ombe chaka ndi chaka, kaya akumufuna kaya sakumufuna.

Mwa ana amenewa, pafupifupi theka amakhala aamuna, ndipo sadzakamidwa. Aakazi nawo safunika onse. Khola la ng'ombe 100 zokamidwa limafuna misoti 25 kapena 30 pa chaka yolowa m'malo mwa zimene zakalamba kapena zadwala. Ana ena onse, amene akhoza kupitirira 50 m'khola limodzi lomweli, alibe ntchito pa mkaka. Onjezeranipo ng'ombe zazikulu zija zimene zapuma pa ntchito yokamidwa, zomwe nazo zimathera kophera. Ndiye kuti khola la mkaka lili ndi makomo atatu otulukira nyama: ana aamuna, ana aakazi otsala, ndi ng'ombe zimene zamaliza ntchito yake.

Kodi alipo mayiko amene akuchita kale zimenezi?

Alipo, ndipo ena akhala akutero kwa zaka zambiri. Ku Britain pafupifupi theka la nyama ya ng'ombe limachokera ku ng'ombe zobadwira m'makola a mkaka, ndipo m'mayiko a European Union mukawaphatikiza gawoli limaposa theka. Ku Japan alimi amapatsa ng'ombe zamkaka za mtundu wa Holstein umuna wa nkhunzi za Wagyu, mtundu wa ng'ombe zanyama wa m'dzikolo, ana ake n'kukhala nyama ya mtengo wapakati, yotsika kuposa Wagyu yeniyeni koma yokwera kuposa ya Holstein.

Ku United States nkhaniyi yakula posachedwa. Chilala ndi kukwera mtengo kwa chakudya cha ziweto kunachititsa alimi ambiri kugulitsa ng'ombe zawo zanyama, moti mu Januwale 2024 dzikolo linali ndi ng'ombe pafupifupi 87 miliyoni, chiwerengero chotsikitsitsa kuyambira mu 1951. Ogula ng'ombe zonenepetsa anatembenukira ku makola a mkaka, ndipo kamwana ka masiku ochepa kobadwa kwa Holstein ndi nkhunzi yanyama ya mtundu wa Angus, komwe kale sikankawerengeredwa, kanasanduka gawo lenileni la phindu la mlimi. Ku Ireland nako, malire a kuchuluka kwa mkaka amene European Union inkaika atathetsedwa mu Epulo 2015, ng'ombe zamkaka zinachuluka mofulumira, ndipo dzikolo linakakamizika kuganizira kumene ana onsewo azipita.

New Zealand ikuonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Kumeneko ana a ng'ombe pafupifupi 2 miliyoni amaphedwa chaka chilichonse ali ndi masiku ochepa chabe. Kamwana kotero kamatulutsa nyama yochepa kwambiri, pamene kakanaleredwa kakanapereka makilogalamu oposa 200.

Nanga n'chifukwa chiyani ana aamunawo akhala akutayidwa chonchi?

Sikuti alimi ndi ouma mtima. Masamu ake ndi amene sankatuluka. Kwa zaka zambiri Holstein ndi Jersey zakhala zikusankhidwa pa chinthu chimodzi, mkaka. Thupi la Holstein ndi lalitali, la mafupa akuluakulu, lopyapyala kumatako ndi kumsana, kumene kumakhala nyama yodula. Chakudya chimene imadya chimathamangira ku bere. Mwana wake wamwamuna amatengera thupi lomwelo: amadya kwambiri, amatalika, koma mnofu umabwera mochedwa. Wa Jersey ndiye wamng'ono, wokula pang'onopang'ono, moti ogula ambiri samuyang'ana n'komwe.

Komanso kamwana kamamwa mkaka umene mlimi akanagulitsa, kamafuna khola, udzu wogonera, mankhwala ndi munthu wokasamalira pa nthawi imene ntchito imakhala yothina kale. Ngati pomaliza mtengo wake sukubweza zonsezi, mlimi amaona kuti kukasunga n'kudziika m'ngongole.

Ogula mkaka ayamba kukana mchitidwe wopha ana ongobadwa kumene. Ku Britain kampani ya mkaka ya Arla inalamula kuti kuyambira mu 2021 alimi ake asaphe mwana wa ng'ombe wathanzi asanakwanitse masabata asanu ndi atatu, ndipo kampani ya mkaka ya Fonterra ya ku New Zealand inaletsa kuyambira mu Juni 2023 kuphera ana athanzi pa famu n'kuwataya. Malamulo otere ndi abwino, koma paokha sapanga msika. Mwana amene palibe akumufuna amakhalabe wosafunidwa ngakhale atakwanitsa masabata asanu ndi atatuwo. Chofunika n'chakuti abadwe ali mwana amene wonenepetsa angamulimbirane.

Ndiye mwana wotereyo angabadwe bwanji kwa mayi wamkaka?

Posintha bambo. Mkaka wa ng'ombe sudalira kuti bere inapatsidwa ndi nkhunzi ya mtundu wanji. Holstein imene yatenga bere la Angus imakamidwa chimodzimodzi ndi imene yatenga bere la Holstein inzake. Choncho mlimi amasankha ng'ombe zake zabwino kwambiri kuti zimuberekere misoti ya mkaka, ndipo zotsalazo amazipatsa umuna wa nkhunzi zanyama.

Mitundu yofala pa ntchitoyi ndi Angus ya ku Scotland, Hereford ya ku England, Limousin ndi Charolais za ku France, ndi Belgian Blue. Angus imabereketsa ana akuda, opanda nyanga, osavuta pobadwa, okhwima msanga. Ana a Hereford amadziwikira patali ndi nkhope yoyera, zomwe zimathandiza pa msika chifukwa wogula sachita kufunsa kuti bambo wake ndani. Limousin, Charolais ndi Belgian Blue zimapereka mnofu wambiri, koma ana ake amatha kukhala aakulu pobadwa kapena kuchedwa kubadwa.

Apa m'pamene zofuna za anthu awiri zimasemphana. Mlimi wa mkaka amafuna kamwana kakang'ono kobadwa msanga ndi mosavuta, kuti ng'ombe yake isavulale ndipo iyambe kukamidwa mwachangu. Wonenepetsa amafuna mwana amene adzakula n'kulemera. Mlimi akangoyang'ana zake zokha, amasankha nkhunzi iliyonse yotsika mtengo bola ikhale yakuda, ndipo wonenepetsa amadzazindikira patapita chaka kuti anagula Holstein yovala chikopa cha Angus. Akapsa kamodzi sabweranso. N'chifukwa chake ku Ireland mu 2019 anakhazikitsa Dairy Beef Index, muyeso umene umapatsa nkhunzi iliyonse mapointi poona mbali zonse ziwiri: kubadwa kosavuta ndi nyama ya ana ake. Ine ndimaona kuti dziko lofuna kuyamba ntchitoyi liyambire pamenepa, pa nkhunzi zoyesedwa, lisanayambe kumanga makola onenepetsera.

Misoti imene ikubereka koyamba ndi ng'ombe zazing'ono thupi ngati Jersey zisapatsidwe nkhunzi ya ana aakulu. Kutaya mayi chifukwa chofuna mwana wolemera n'kuluza kawiri.

Kodi umuna wosankhiratu kuti kubadwe wamkazi umagwira ntchito bwanji, ndipo ukukhudzana bwanji ndi nyama?

Mbewu ya nkhunzi ili mitundu iwiri, yobereketsa wamkazi ndi yobereketsa wamwamuna. Yobereketsa wamkazi ili ndi DNA yochulukirapo ndi magawo pafupifupi 4 pa 100. Kusiyana kochepaku n'kokwanira kuti makina azitha kuzilekanitsa. Njirayi inayambira kwa akatswiri a unduna wa zaulimi wa United States chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo umuna wotere unayamba kugulitsidwa kwa alimi cha m'ma 2000. Mwa ana 10 obadwa nawo, pafupifupi 9 amakhala aakazi.

Phindu lake pa nyama ndi ili. Ndi umuna wamba, mlimi wa ng'ombe 100 wofuna misoti 30 ayenera kupatsa umuna wa mkaka ng'ombe zoposa 60, ndipo amapezanso tinkhunzi 30 ta Holstein timene sakutifuna. Ndi umuna wosankhidwa, ng'ombe 35 kapena 40 zikwanira, ndipo zina zonse zimamasuka kuti zibereke ana anyama.

Umunawu ndi wodula, ndipo ng'ombe zimatenga nawo bere movutirapo kusiyana ndi wamba, makamaka ngati nthawi yoikira yaphonyeka. Umayenda bwino pa misoti ndi pa ng'ombe zathanzi zimene sizivuta kutenga bere. Kumene mlangizi wa ziweto amafika mochedwa, kapena kumene botolo losungira umuna limatha mpweya wake wozizira, ndalama imeneyi imangotayika.

Kodi chimapha ana ambiri otere n'chiyani?

Tsiku loyamba. Mwana wa ng'ombe amabadwa alibe chitetezo cha matenda m'magazi mwake, chifukwa chitetezo cha mayi ake sichidutsa kupita kwa iye ali m'mimba. Amachipeza mu chithuwi, mkaka woyamba uja wachikasu, wokhathamira, womata m'zala. Matumbo ake amatha kulowetsa chitetezocho m'magazi kwa maola ochepa okha. Pakatha maola 6 mphamvuyo yatsika kale, ndipo pakatha maola 24 khomo latsekeka. Ayenera kumwa chithuwi chokwana gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, kutanthauza malita pafupifupi anayi kwa mwana wa makilogalamu 40, ndipo amwe m'maola awiri oyambirira ngati n'kotheka. Mchombo uviikidwe mu ayodini, ndipo agone pouma.

Chomvetsa chisoni n'chakuti m'makola ambiri kamsoti kamalandira zonsezi, pamene kankhunzi kamasiyidwa pakona kudikira wogula. Pakatha sabata imodzi kapena awiri mumakaona kataima kokhota msana, makutu ali pendapenda, maso atalowa, kumchira kutanyowa ndi chimbudzi chamadzi. Mukakatsina chikopa cha pakhosi, chikopacho chimachedwa kubwerera. Kutsegula m'mimba kumapha ana m'masabata oyamba, chibayo n'kudzatenga otsalawo, makamaka akasonkhanitsidwa kuchokera m'makola osiyanasiyana n'kuyendetsedwa ulendo wautali ali ndi njala. Amene wapulumuka chibayo nthawi zambiri amakhala ndi mapapo olumala, ndipo sakula bwino moyo wake wonse ngakhale mumupatse chakudya chotani. Nyama imene dziko likufuna zaka ziwiri zikubwerazo imapezeka kapena kutayika pa malita anayi a tsiku loyamba aja.

Akadutsa pamenepo, amadya chiyani mpaka kufika pophedwa?

Masabata oyamba amadalira mkaka, wa mayi kapena wa ufa. Kuyambira sabata yoyamba aziikiridwa madzi oyera ndi chakudya chouma cha ana, chifukwa n'chimene chimakulitsa chifu chachikulu chija chogayira udzu. Amaletsedwa mkaka akamadya kilogalamu imodzi kapena kuposerapo ya chakudyacho tsiku lililonse kwa masiku angapo otsatizana, zomwe zimachitika ali ndi masabata 8 mpaka 10. Kumuletsa poona kalendala yokha, chifu chisanakhwime, kumamubwezera m'mbuyo.

Kuchoka apo njira ndi ziwiri. Wodyetsedwa chakudya chambewu m'khola amatha kufika pophedwa ali ndi miyezi 12 mpaka 16. Wodya msipu, udzu wouma ndi wofutsa amatenga zaka ziwiri kapena kuposerapo. Njira yoyamba ndi yachangu koma imapikisana ndi anthu ndi nkhuku pa chimanga ndi soya, ndipo chakudya chambewu chikachuluka udzu n'kuchepa, chifu chimachita asidi ndipo chiwindi chimatuluka zithupsa. Kumene mbewu n'zodula, nzeru ndi kukulitsa ng'ombe pa msipu, n'kuimalizitsa miyezi itatu kapena inayi ndi zotsalira za m'mafakitale: madeya, zotsalira poyenga mafuta a thonje kapena mpendadzuwa, manyuchi a nzimbe ndi masese a kofulula mowa.

Kodi tinkhunzi tiyenera kufulidwa?

Nkhunzi yosafula imakula msanga ndipo imakhala ndi mnofu wambiri, koma imalimbana ndi zinzake, imakwera misoti, ndipo nkhunzi za mitundu ya mkaka zimadziwika ndi ukali. Ngati muziweta pa msipu kapena pamodzi ndi zazikazi, fulani zikadali zazing'ono, ndipo gwiritsani ntchito mankhwala oletsa ululu. Zophedwa zisanakwane miyezi 16 m'khola lolimba zikhoza kusiyidwa.

Kodi nyama yake imakoma ngati ya ng'ombe zanyama?

Pa kukoma ndi kufewa, nyama ya Holstein yonenepetsedwa bwino siigonja. Mitundu ya mkaka imakonda kusunga timafuta m'kati mwa mnofu, ndipo timafuta timeneti n'timene timakometsa nyama. Imagonja pa kuchuluka ndi pa maonekedwe: ikaphedwa, gawo lalikulu limapita ku mafupa ndi zam'mimba, ndipo nyama ya pamsana imakhala yopyapyala. Kusakaniza ndi nkhunzi yanyama kumakonza zimenezi. Jersey ili ndi mafuta achikasu, chifukwa cha utoto wachilengedwe umene uli mu udzu wauwisi. Alibe vuto lililonse, kungoti ogula ena amawaona ngati chizindikiro cha ng'ombe yokalamba.

Nanga ng'ombe zimene zapuma kukamidwa?

Zimenezi ndiye nyama imene ilipo lero, yosadikira zaka ziwiri. Yambiri imathera ku nyama yogaya ndi masoseji chifukwa ndi yolimbirapo. Kulakwitsa kofala n'kugulitsa ng'ombe ili mafupa okhaokha itangochoka kokamidwa. Ikaleka kukamidwa n'kudyetsedwa bwino miyezi iwiri kapena itatu, imabweza thupi mofulumira ndipo mtengo wake umasintha.

Pali chenjezo limene siliyenera kupeputsidwa. Ng'ombe zambiri zimachotsedwa m'khola chifukwa cha matenda a bere, a mapazi kapena kusabereka, ndipo zina zimakhala zitangobayidwa kumene mankhwala. Mankhwala aliwonse ali ndi masiku ake odikira olembedwa pa botolo, ndipo masiku a nyama nthawi zambiri amakhala ambiri kuposa a mkaka. Kupha ng'ombe masikuwo asanathe n'kudyetsa anthu mankhwala, komanso n'kuthandiza tizilombo kuti tizolowere mankhwala amene anthu omwewo adzawafuna akadwala. Nyama iyeneranso kupimidwa kophera, chifukwa chifuwa chachikulu cha ng'ombe chimagwiranso anthu. Ng'ombe imene ikulephera kuima isakwezedwe pa galimoto.

Kodi n'zoona kuti nyama imeneyi siiwononga chilengedwe kwambiri?

Inde, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Ng'ombe yaikazi yanyama imadya ndi kugeya mpweya wa methane chaka chonse kuti ipereke mwana mmodzi, ndipo mtolo wonsewo umagwera pa nyama ya mwanayo. Mayi wamkaka amadya ndi kugeyanso, koma mtolo wake waukulu umasenzedwa ndi mkaka. Lipoti la mu 2013 la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, linapeza kuti pa dziko lonse, kilogalamu ya nyama yochokera ku ng'ombe zanyama imatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wofanana ndi makilogalamu pafupifupi 68 a carbon dioxide, pamene yochokera m'makola a mkaka imatulutsa pafupifupi 18. Phinduli limakhalapo ngati ana amkakawo akulowa m'malo mwa nyama imene ikanafuna ng'ombe zina zazikazi ndi malo ena odyetsera. Mwana aliyense wosungidwa amafunabe udzu ndi madzi.

Kodi zingatheke m'mayiko otentha?

Zingatheke, koma osati potengera mitundu yomweyo mwachimbulimbuli. Holstein ndi Angus n'za kozizira. Kukatentha zimachepetsa kudya, zimavuta kutenga bere, ndipo matenda a nkhupakupa amazigwetsa msanga. Ku Brazil anapanga Girolando posakaniza Holstein ndi Gir, ng'ombe ya linunda yochokera ku India, ndipo mkaka wambiri wa dzikolo umachokera ku ng'ombe zosakaniza zotere. Sahiwal ya ku Pakistan ndi India imapereka mkaka ndi nyama yomwe kumalo otentha. Kwa bambo wa ana anyama, Brahman, Boran kapena Bonsmara zimapirira kuposa mitundu ya ku Europe.

Palinso njira yakale ya mitundu ya ntchito ziwiri, monga Fleckvieh ya ku Austria ndi kum'mwera kwa Germany, kapena Montbéliarde ndi Normande za ku France. Mkaka wake ndi wocheperapo kusiyana ndi wa Holstein, koma tinkhunzi take timagulidwa popanda kunyengerera wogula.

Mlimi wa ng'ombe ziwiri kapena zitatu angapindule?

Angapindule ngati sakusunga mwanayo mpaka kumapeto. Udzu umene ali nawo nthawi zambiri sukwanira ngakhale ng'ombe yokamidwa, ndipo kankhunzi kakamakula kamalanda chakudya cha mayi ake, mkaka n'kutsika. Chomuyenera n'kulera mwana bwino mpaka ataleka kuyamwa, n'kumugulitsa kwa amene ali ndi msipu. Alimi amene amasonkhanitsa kale mkaka pamodzi akhozanso kusonkhanitsa ana, kuwatemera limodzi ndi kuwagulitsa monga gulu la msinkhu umodzi, limene wonenepetsa amalikonda kuposa kamodzikamodzi. Kumene misoti ya mkaka ikusowa ndipo ikugulidwa modula, mlimi wotere asathamangire umuna wanyama. Msoti ungamupatse ndalama zambiri.

Ndiye kuti ng'ombe zanyama sizikufunikanso?

Ayi. Ana a m'khola la mkaka sangapose chiwerengero cha amayi awo, ndipo chiwerengerocho chimalamulidwa ndi msika wa mkaka. Komanso ng'ombe iliyonse ikamapereka mkaka wochuluka, ng'ombe zofunika zimachepa. United States inali ndi ng'ombe zokamidwa zoposa 25 miliyoni mu 1944, lero ili ndi zoposa 9 miliyoni pang'ono, koma mkaka ndi wochuluka kuposa nthawi imeneyo. Ng'ombe zake zazikazi zanyama zilipo pafupifupi 28 miliyoni. Kumalo ouma, amiyala ndi a mapiri, kumene ng'ombe yamkaka singakhale, ng'ombe yanyama yoyamwitsa mwana wake kutchire ilibe wolowa m'malo. Dziko limene likukulitsabe ulimi wa mkaka liyeneranso kusamala: likapereka umuna wanyama kwa ng'ombe zambiri, pakatha zaka ziwiri misoti imasowa ndipo mtengo wake umakwera, ngati momwe zachitikira ku United States posachedwapa.

Kodi boma ndi makampani a nyama achite chiyani kuti zimenezi ziyende?

Vuto lalikulu n'lakuti amene amawononga ndalama si amene amadya phindu. Mlimi wa mkaka ndiye amagula umuna wabwino, amadzuka usiku kumwetsa chithuwi, amatemera. Phindu la zonsezi limaonekera kwa wonenepetsa ndi kophera patapita miyezi 18 kapena zaka ziwiri. Ngati pa msika kamwana kosamalidwa ndi kosasamalidwa tili pa mtengo umodzi, mlimi sadzavutikanso ulendo wina, ndipo simungamudzudzule.

Choncho pakufunika kuti mwana aliyense akhale ndi nambala pa khutu, yolumikizidwa ndi tsiku lobadwa, dzina la nkhunzi ndi katemera amene walandira, kuti wogula adziwe chimene akugula. Pakufunika sikelo pa msika, kuti ana azigulidwa poyeza kulemera m'malo mongoyang'ana ndi maso. Kophera nako nyama izilipidwa molingana ndi giredi yake, ndipo zotsatira za ng'ombe iliyonse zizibwerera kwa mlimi amene anaibereketsa kuti aone nkhunzi imene ikumupindulira. Makampani ena ku Britain amachita mgwirizano ndi alimi a mkaka bere lisanatengedwe: amatchula nkhunzi zoti zigwiritsidwe ntchito, amanena kulemera kumene mwana ayenera kufika pa tsiku lomutenga, ndipo amalonjezeratu kuti adzamugula. Kwa boma, ntchito yaikulu ndi alangizi oika umuna amene amafika pa nthawi yake, malo oyesera nkhunzi za m'dziko momwemo, opima nyama okwanira, ndi lamulo la msinkhu umene mwana wa ng'ombe angayambe kuyendetsedwa pa galimoto ndi maola amene angakhale pa ulendo asanamwe.